Denga lopanda msomali: mmene kanyumba kachitsanzo ka nyumba ya a Wada kakuyendera

Lolemba, 5 Meyi 2025

Tagwirizana ndi ophunzira anga a chaka chachiwiri kuti ntchito yathu yayikulu ikhala kumanga kanyumba kachitsanzo. Nyumba imene tikutengera ndi ya banja la Wada, m'mudzi wa Ogimachi ku Shirakawa, m'chigawo cha Gifu ku Japan. Ndizilemba pano zimene tachita, zimene zatikanika ndi zimene tasintha, kuti aphunzitsi anzanga a zaukalipentala amene angafune kuyesa adziwiretu pamene pali minga.

Ana amene ndimaphunzitsa amakhulupirira kuti chinthu chopanda msomali kapena guluu sichinamangidwe. Ukawapatsa matabwa awiri, dzanja lili kale pa hamala. Ndicho chandichititsa kusankha nyumba imeneyi. Ndi yaikulu kuposa nyumba zonse za mtundu wake ku Ogimachi, denga lake ndi lalitali moti mkati mwake muli nsanjika, m'nyengo yozizira limasenza chipale chofewa chimene m'chigwa cha mtsinje wa Sho chimaunjikana mpaka mamita awiri, koma mitengo ya dengalo ndi yomanga ndi zingwe basi. Inamangidwa m'nthawi ya Edo, nthawi imene inatha mu 1868, ndipo mpaka lero mbumba ya a Wada ikukhalabe mbali ina ya nyumbayo pamene mbali ina anaitsekulira alendo.

Mamangidwe amenewa eni ake amawatcha gassho-zukuri. Gassho ndi kuphatikiza manja popemphera. Nditawauza zimenezi, onse 14 anaphatikiza zikhatho, nsonga za zala zitakumana, zigongono zitatalikirana, n'kuona denga lija m'manja mwawo momwe. Sipanafunikenso kujambula pa bolodi.

Tilibe mwayi wokaona nyumbayi ndi maso. Tikudalira zithunzi, miyezo ndi zojambula za amisiri zimene tapeza pa intaneti.

Lachisanu, 9 Meyi

Sabata yonse yapita pa masamu. Nyumba yeniyeni ndi ya mamita 22.3 m'litali ndi mamita 12.8 m'lifupi. Tasankha kuchepetsa ka 20, ndiye kanyumba kathu kakhala ka masentimita 111.5 ndi 64. Kakwana pa thebulo limodzi, ndipo katuluka pakhomo la chisakasa chathu popanda kugumula felemu.

Madenga a gassho amatsetsereka kwambiri, ena mpaka pafupifupi madigiri 60. Ife tatenga 60 yemweyo chifukwa akupeputsa ntchito: mapaso awiri ndi mtanda wapansi zimakhala zofanana kutalika, ndipo wophunzira atha kudziyesera yekha ndi tepi ngati walakwitsa. Kutsetsereka kotereku si kokongoletsa. Chipale cha kumeneko n'chonyowa ndi cholemera, ndiye pamafunika denga limene chingaterereke msanga, komanso udzu umauma mofulumira madzi akamatsika osaima. Nyumba zambiri m'mudzimo zinalozetsa mphumi zake kumpoto ndi kummwera, motsata chigwa. Mphepo yoyenda m'chigwamo imawomba mbali yopapatiza, pamene mbali ziwiri za udzu, ya kummawa ndi ya kumadzulo, zimagawana dzuwa. Tajambula muvi wa kumpoto pa thabwa lapansi kuti tisadzaiwale kunena zimenezi.

Zipangizo: paini wa felemu yapansi, timitengo ta bulugamu ta mapaso, nsungwi zong'amba, ulusi wa khonje. Udzu tidikire uume kutchire.

Lachiwiri, 20 Meyi

Felemu yapansi yaima. Apa panalibe chachilendo, ndi ntchito ya sowo, tchizulo ndi sikweya, kuboola nsanamira ndi kulowetsamo mitanda. Kwawoko nakonso mbali yapansiyi ankamanga ndi amisiri olipidwa, ndi mitengo yosema bwino mbali zinayi. Denga lokha ndilo linali la anthu a m'mudzi, la mitengo yobulungira. Nyumba imodzi, manja a mitundu iwiri, ndipo malire ake amaoneka ukaima mkati n'kuyang'ana kumwamba.

Chimodzi chatichedwetsa. M'zithunzi muli mitanda ikuluikulu yokhota kumapeto, imene amaitcha chonabari. Mitengo yomera potsetsereka m'mapiri a kumeneko imapindika patsinde chifukwa chokankhidwa ndi chipale chaka ndi chaka, ndipo amisiri ankaifunafuna dala chifukwa msempha wake umatsata kukhotako, motero ndi yolimba. Mnyamata wina anafuna kungocheka thabwa mokhotetsa. Ndakana. Ukatero wadula msempha, ndipo wataya chifukwa chenicheni cha mtandawo. Atatu apita kukasaka nthambi zokhota mwachibadwa, abwera nazo 11, tasankhapo 4.

Lachitatu, 28 Meyi

Lero ndiye tsiku limene ndinkaliyembekezera, ndipo kunali mkangano.

Mapaso akuluakulu a denga la gassho samangiriridwa pansi. Tsinde lake amalisongola ngati pensulo n'kulikhazika m'kadzenje kosema pa mtanda. Nsonga imeneyi amaitcha komajiri. Palibe bauti, palibe chikhomo, kulemera kwa denga ndiko kumaligwira. Nditafotokoza, mtsikana amene amatsogolera gulu loyamba anapukusa mutu. "Aphunzitsi, ngati ndi choncho ndiye kuti dengali langotsamira. Mphepo ya Okutobala ikhoza kulinyamula." Anzake anavomereza, ndipo wina anali atatulutsa kale botolo la guluu.

Sindinafune kuwagonjetsa ndi pakamwa. Tapanga mapaso awiriawiri magulu awiri, aakulu kuposa a kanyumba, ochepetsa ka 5 kokha. Gulu loyamba tsinde talimata ndi guluu n'kukhomera msomali. Gulu lachiwiri tasongola n'kungokhazika m'dzenje. Pamwamba pa lililonse tapachika thumba la mchenga la makilogalamu 10, kenako tayamba kugwedeza thabwa lapansi uku ndi uku, monga chivomerezi chimachitira. Lokhomera lija linalimba poyamba, kenako tinamva kuti thyo, bulugamu wang'ambika kuyambira pa msomali kukwera m'mwamba. Losongola linkangoyenda pang'ono m'dzenje mwake, kulira kwii kwii, n'kubwerera pamalo. Tawonjezera thumba lachiwiri, ndipo m'malo mofooka linakhazikika kwambiri, chifukwa katunduyo amalikanikizira m'dzenje.

Mtsikana uja anakhala chete nthawi ndithu, akuyendetsa chala m'kadzenje kaja. Kenako anati, "Ndiye kuti mphamvu imene ikanathyola mtengo ikuthera m'kugwedezeka." Ndinamuuza kuti alembe mawu amenewo m'kope lake momwe wawanenera. Funso lake la mphepo silinali lopanda nzeru, ndipo yankho lake ndi kulemera: udzu wa madenga amenewa ndi wochindikala kwambiri, si wa mtolo umodzi kapena iwiri ngati wa khitchini zathu.

Kuyesaku kwatisinthitsa pulani. Chigawo chochepetsa ka 5 chija sitichitaya. Tichikulitsa chikhale cha mapaso atatuatatu, chiime pambali pa kanyumba, anthu azichigwira ndi kuchigwedeza.

Lachiwiri, 3 Juni

Denga la kanyumba lagwa. Tinaimika mapaso onse motsatana, aliwonse ataima bwino paokha, tinayala timitengo topingasa tingapo, wina anagunda thebulo ndi chiuno, ndipo onse anagona mbali imodzi motsata litali la nyumba. Awiri athyoka.

Cholakwa ndi changa. Ndinatanganidwa ndi komajiri n'kuiwala kuti mapaso otere ndi olimba chopingasa chokha, koma m'litali alibe chowagwira. Tabwerera ku zithunzi za m'denga, ndipo mitengo imene tinkaidumpha ndi maso inali pomwepo: yaitali, yodutsa mopendekeka pa mapaso angapo, ina ikuluikulu, ina ing'onoing'ono, yomangidwa ndi zingwe paliponse pamene yakumana ndi phaso. Amaitcha hagai. Taikamo inayi, iwiri mbali iliyonse, yopendekera mosiyana. Tsopano ukakankha ndi chala, denga lonse limayenda ngati dengu n'kubwerera. Tataya masiku atatu.

Lachinayi, 12 Juni

Khonje watikhumudwitsa. Timamanga molimba madzulo, kukacha tipeza mfundo zalefuka, timitengo tikuseweraseweramo. Mmodzi wa anyamata anati agogo ake aamuna akhala akufolera nyumba moyo wawo wonse, ndipo Lachiwiri anabwera nawo pa njinga.

Agogowo sanafune mpando. Anazungulira chigawo chachikulu chija kawiri, anagwira mfundo imodzi, anaikoka, n'kundiyang'ana. "Aphunzitsi, chingwe chouma sichigwira mtengo. Mwana wanga, pita ukaviike luzi lija ndabwera nalo." Linali luzi la mombo. Litafewa anamanga mfundo imodzi yokha, akupotokola ndi chala chachikulu, n'kunena kuti tisaikhudze mpaka mawa. Kutacha inali ngati yamera pamtengopo.

Ndinawaonetsa pa foni mmene amamangira ku Shirakawa. Kumeneko amagwiritsa ntchito zinthu ziwiri. Mitengo ikuluikulu amaimanga ndi zingwe zopota ndi mapesi a mpunga. Timitengo ting'onoting'ono amatimanga ndi neso, nthambi zanthete za kamtengo kotchedwa mansaku. Amazidula zili zaziwisi, amazipotokola mpaka msempha utamasuka ngati chingwe, amamanga nthawi yomweyo, ndipo zikamauma zimafinya. Agogo anaonera kanemayo kawiri osalankhula. Kachitatu anaseka, nati, "Awa ndi anzathu awa. Onani mmene akupondera ndi phazi kuti apotokole. Ameneyo anaphunzira kwa bambo ake."

Sindikunena kuti nyumba zathu n'zofanana ndi zawo. Zathu ndi zazing'ono, zambiri zili ndi mzati kapena khoma losenza denga, ndipo mdani wathu ndi chiswe ndi mvula ya mkuntho, osati chipale. Koma nzeru yomanga chachiwisi kuti chifinye chikauma ndi imodzi, ndipo zinandikhudza kuona ophunzira anga, amene ena a iwo amachita manyazi kunena kuti kwawo ndi nyumba yaudzu, ataunjikana kumbuyo kwa mkulu ameneyu kuti aone mmene chala chake chikuyendera. Maola awiri anawaphunzitsa zimene ine ndalephera milungu iwiri.

Tamasula khonje yense pa chigawo chachikulu. Mfundo 86, zonse tamanganso ndi luzi. Pa kanyumba kakang'ono luzi ndi lokhuthala kwambiri, ndiye tikuling'amba timizere tating'ono ndi lezala. Zala zatupa.

Lachinayi, 19 Juni

Nsungwi zathu zayamba kufumbwa. Pansi pa chigawo chachikulu tapeza timilu ta ufa wachikasu. Agogo, amene tsopano akubwera Lachiwiri lililonse osaitanidwa, anangoti, "Kapachikeni kukhitchini." Zotsala zonse tazimanga mitolo n'kuzipachika pamwamba pa moto kwa mayi amene amatiphikira, zikhale kumeneko milungu iwiri.

Izi zatipatsa mpata wokamba za moto wa m'nyumba ya a Wada. Pansi, pakati pa chipinda chachikulu, pali malo osonkhapo moto okumba m'thabwa, otchedwa irori. Nyumbayo ilibe chumuni. Nsanjika za m'denga anaziyala ndi timatabwa totalikirana kuti utsi udutse, ukwere mpaka pansonga. Utsiwo umathamangitsa tizilombo, umaumitsa udzu, ndipo mwaye umakuta zingwe ndi neso mpaka kuda bii. Ndiye moto wophikira ndi wowotha unalinso mankhwala a denga. M'kanyumba kathu tayala nsanjika ndi timizere ta nsungwi totalikirana mamilimita atatu, ndipo tiika kagetsi pansi kuti kuwala kudutse mmene utsi umadutsira.

Wina anafunsa kuti denga lalikulu chonchi ankagonamo ndani. Simunkagona anthu. Munkakhala mbozi za silika. Minda ya mpunga m'chigwa chopanikizika chija inali yochepa, ndiye ndalama zinkachokera ku silika, ndipo mbozizo zimafuna malo otakata, kuwala, mpweya ndi kutentha. N'chifukwa chake mphumi za nyumba zili zoimirira, zokhala ndi mawindo a mapepala m'nsanjika iliyonse. Pansi pa nyumba namonso munali ntchito: ankakumba dzenje n'kuthiramo dothi, zitsamba, ndowe za mbozi zija ndi mkodzo, n'kuzisiya zaka zingapo akutembenuza, mpaka zitatulutsa mchere wopangira wonga wa mfuti. Banja la Wada linali la nyakwawa za mudziwo, ndipo linalemera ndi malonda a mchere umenewu. Ukaiona kunja umati ndi nyumba ya mlimi, koma inali fakitale kuyambira pansi pa thabwa mpaka pansonga.

Moto womwewo ndiwo chinthu chimene mudziwo umaopa koposa. Udzu wouma, matabwa ouma, nyumba zoyandikana. Anthu a ku Ogimachi amasinthana kuyendera mudzi tsiku lililonse kukumbutsana za moto, ndipo pakati pa nyumba anaikamo mipope yothira madzi mwamphamvu pafupifupi 60, yobisika m'timakola tokhala ndi madenga osongoka, imene amaiyesa yonse pamodzi chaka chilichonse. Pa 4 Novembala 2019 tinyumba tiwiri taudzu tinapsa kutsidya kwa mtsinje, pafupi ndi poimika magalimoto, patangopita masiku anayi nyumba yachifumu ya Shuri itapsa ku Okinawa. Mipope ija inatsekulidwa kuteteza mudzi. Ophunzira apempha kuti tipange kakhola kamodzi kotere pambali pa kanyumba. Ndalola, koma pomaliza.

Lachiwiri, 1 Julayi

Pamene nsungwi zili ku utsi, tayamba kulemba chikwangwani chofotokoza mmene nyumbayi imatetezedwera. Ophunzira analemba mzere umodzi: nyumbayi ndi ya UNESCO (bungwe la United Nations loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe). Ndawabweza, chifukwa si zoona, ndipo nkhani yeniyeni ndi yokoma kuposa pamenepo.

Tiyambire pa 26 Januwale 1949, pamene moto unawononga zojambula zakale za pakhoma m'kachisi wa Horyu-ji ku Nara. Chaka chotsatira, mu 1950, Japan inakhazikitsa lamulo loteteza chuma cha chikhalidwe. Koma lamulo silinaletse nyumba za gassho kutha. Silika anatsika mtengo, achinyamata anapita m'mizinda, ndipo pa mtsinje wa Sho panamangidwa madamu a magetsi. Damu la Miboro, limene linatha kumangidwa mu 1961, linamiza midzi. Nyumba zina zinaphwasulidwa n'kugulitsidwa kutali kuti zikakhale malo odyera kapena zoonetsa alendo. Ya banja la Yanohara inasamutsidwa mu 1960, ndipo lero ili m'munda wa Sankeien ku Yokohama, yosamalidwa bwino, koma yopanda mudzi wake. Katswiri wa zomangamanga wa ku Germany, Bruno Taut, anali atafika m'chigwachi mu 1935 n'kutamanda mamangidwe ake, koma matamando sanafolere nyumba ya munthu.

Amene anaimitsa kuthaku ndi eni mudzi. Mu 1971 anthu a ku Ogimachi anapanga bungwe lawo n'kupangana zinthu zitatu: osagulitsa, osabwereketsa, osagumula. Boma linabwera pambuyo. Mu 1975 lamulo lija linasinthidwa kuti lizitetezanso magulu a nyumba, osati nyumba imodziimodzi yokha, ndipo mu 1976 Ogimachi unali m'gulu la malo oyamba kusankhidwa. Japan inalowa m'pangano la UNESCO la malo ofunika padziko lonse mu 1992. Mu Disembala 1995, pa msonkhano wa ku Berlin, midzi itatu inalembedwa pamodzi: Ogimachi wa nyumba za gassho 59, ndi midzi iwiri ya ku Gokayama m'chigawo cha Toyama, Ainokura wa nyumba 20 ndi Suganuma wa 9. Chimene chinalembedwa ndi midzi, pamodzi ndi minda, ngalande ndi njira zake. Nyumba ya a Wada payokha ili ndi ulemu wina: m'chaka chomwecho cha 1995 boma la Japan linaiika m'gulu la chuma chofunika cha dziko, osati nyumba yaikulu yokha, komanso nkhokwe yake yomata dothi ndi kanyumba ka chimbudzi. Tanthauzo lake ndi lakuti eni ake sangasinthe maonekedwe popanda chilolezo cha boma, ndipo boma limathandiza ndi ndalama pokonza.

Ndaumirira kuti zaka zimenezi zilembedwe motsatana pa chikwangwani, 1971 ikhale pamwamba ndi zilembo zazikulu. Pakati pa pangano la anthu a m'mudzi ndi msonkhano wa ku Berlin pali zaka 24. Pakanapanda zaka zimenezo, a UNESCO akanapeza malo oimika magalimoto.

Ndawauzanso kuti asabise mtengo wake. Mudzi wa anthu mazana ochepa tsopano umalandira alendo oposa miliyoni imodzi pa chaka, makamaka chitsekulireni msewu waukulu wa Tokai-Hokuriku mu 2008. Nyumba zambiri zasanduka masitolo ndi malo ogona alendo. Ndipo pangano lakuti osagulitsa, osabwereketsa, n'lolemera kwa nkhalamba imene ana ake onse ali mumzinda wa Nagoya. Ine ndimalilemekeza panganoli, koma sindinyoza amene limamuwawa.

Lachinayi, 10 Julayi

Nsungwi zatsika ku utsi, zafiira, ufa sukugwanso. Udzu wafika, mitolo 6 ya tsekera. Wa kanyumba kakang'ono tikudula nsonga zokha, zopyapyala.

Tikusankha udzu, mtsikana wa mafunso uja anaponyanso lina. "Aphunzitsi, mwati udzu amasintha pakatha zaka 30 kapena 40. Zingwe amasintha. Mtengo ukaola amasintha. Nanga chakale pamenepo n'chiyani? Akuteteza chiyani?"

Funso limeneli akatswiri analimbana nalo zaka zambiri. Mfundo zosamalira nyumba zakale zimene anagwirizana ku Venice mu 1964 zinalembedwa ndi anthu ozolowera miyala, ndipo kwa iwo chinthu chenicheni ndi mwala womwewo umene mmisiri woyamba anaugwira. Nyumba ya mitengo ndi udzu singakhale motero. Ukaisiya osaikhudza pofuna kuilemekeza, imaola. N'chifukwa chake mu 1994, ku Nara, akatswiri a mayiko ambiri anagwirizana kuti kuona ngati chinthu n'chenicheni kuziyang'ananso kapangidwe, ntchito yake, luso ndi mwambo wa anthu ake, osati zipangizo zokha. Ndipo mu Disembala 2020 UNESCO inalemba maluso 17 a ku Japan osamalira nyumba za mitengo m'gulu la chuma chosagwirika cha anthu onse. Mwa malusowo muli kufolera, mulinso kumweta udzu wofolerera. Kumweta udzu! Nditawerenga zimenezi mokweza, mdzukulu wa agogo aja anafunsa ngati angajambule tsambalo pa foni akawaonetse.

Kwa mtsikanayo ndinayankha kuti nsanamira ndi mitanda yambiri ndi yakale ndithu, yakuda ndi mwaye wa mibadwo, ndipo amaisunga mmene angathere. Koma dengalo ndi lakale chifukwa pakhala pali anthu odziwa kulimasula ndi kulimanganso, m'badwo ndi m'badwo, popanda kudukiza. Kusakhala ndi msomali kuja si luso loonetsera. Chomangidwa ndi chingwe chimamasulika osawononga mtengo.

Apa ndi pamene ndili ndi nkhawa ndi nyumbayi, ngakhale sindinaipondemo. Udzu wambiri masiku ano amagula kunja kwa mudzi, chifukwa malo awo omwetako udzu ambiri anasiyidwa. M'nyumba zimene sasonkhanso moto tsiku ndi tsiku udzu sukhalitsa ngati kale. Ndipo kufolera kwambiri tsopano akuchita ndi amisiri olipidwa.

Tasintha mutu wa chikwangwani. Poyamba unali wakuti nyumba yakale ya ku Japan. Tsopano ndi wakuti denga lomangidwanso m'badwo uliwonse.

Loweruka, 19 Julayi

Tafolera. Tinasankha Loweruka kuti tichite monga amachitira eni ake. Ku Shirakawa mgwirizano wothandizana umatchedwa yui. Tsiku lofolera pamabwera anthu 100 kapena 200, ena padenga, ena pansi akupatsirana mitolo, ena mkati mwa denga akulandira singano yaitali yamtengo n'kubweza chingwe, amayi akuphika, ndipo mbali imodzi yonse imatha tsiku limodzi. Mwininyumba amasunga buku lolembamo amene abwera ndi zimene abweretsa, chifukwa imeneyo ndi ngongole, idzabwezedwa denga la mnzake likadzafika, ngakhale patapita zaka zambiri, ngakhale wobweza atadzakhala mwana wake. Agogo atamva anati kwawo amati dima, kungoti la kumunda, ndipo buku lake linali m'mutu mwa anthu.

Ifenso tinagula kope la masamba 40. Tinaitana a chaka choyamba, alonda awiri ndi mayi otiphikira aja, amene anabwera ndi ndowa ya thobwa. Tonse tinalipo 31. Chigawo chachikulu tinachifolera kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, agogo ali kunja akuyala ndi kugogoda matsinde a udzu ndi kathabwa kuti alingane, mdzukulu wawo ali mkati akulandira singano ya nsungwi. Ankafuulirana, uyu "kumanja pang'ono", uyo "yafika", chifukwa wakunja saona phaso, wamkati saona udzu. Kawiri singano inatulukira pamalo olakwika. Pofika 3 koloko mbali yonse inali itatha.

Mbali inayo taisiya dala yosafolera, pa chigawo chachikulu ndi pa kanyumba pomwe, kuti komajiri, hagai ndi mfundo za luzi zizioneka. Tayesanso matumba a mchenga, awiri aja ndi lachitatu. Denga silinasunthe.

Zotsala: kutseka pansonga, kumata mapepala m'mawindo a mphumi, kagetsi ka pa irori, kakhola ka mpope, ndi kusindikiza chikwangwani. Ndikuona kuti masiku 8 akwana.

Tikutsuka makapu, agogo anapempha kope lija. Anauza mdzukulu wawo kuti awawerengere maina onse, ndipo atamva lawo anafunsa kuti patsogolo pake palembedwa chiyani. Panali polembedwa kuti luzi mitolo iwiri, Lachiwiri kasanu, ndi tsiku lofolera. Anagwedeza mutu n'kunditembenukira. "Aphunzitsi, khitchini yanga ikudontha kuyambira Febuluwale. Udzu ndamweta kale. Seputembala, mvula isanayambe."

Ndalemba pa tsamba lachiwiri: Loweruka, 13 Seputembala, kwa agogo, 6 koloko m'mawa. Ophunzira 14 onse alemba maina awo m'munsi mwake, ndipo mtsikana uja wafunsa kuti luzi tikafundula kuti.